Kusankha Mtundu wa Zilombo Monga Msana wa Kampeni ya Masewera a Patebulo

Masewera ofotokozerana nthano patebulo, amene otchuka kwambiri pakati pawo ndi Dungeons & Dragons, safuna zipangizo zambiri: anthu anayi kapena asanu, mapepala, mapensulo, madayisi, ndi munthu mmodzi wolola kusenza udindo wotsogolera nthano. Wosewera aliyense amakhala ndi mtengambali wake, kaya ndi wankhondo, wansembe, wamatsenga kapena mlenje, ndipo amanena zimene mtengambaliyo akufuna kuchita, pamene wotsogolera amafotokoza dziko lonse, amayankhulira onse okhalamo, ndipo amagamula zotsatira mothandizidwa ndi madayisi. Nthano yotere ikamapitirira kwa miyezi, gulu lomwelo n'kumasonkhana mobwerezabwereza, imatchedwa kampeni. Kaya gulu limasonkhana pabalaza ku Chilenje mu Lusaka Loweruka masana, kaya pakhonde ku Kabwata anthu akaweruka kuntchito, wotsogolera aliyense amayenera kuyankha funso limodzi asanayambe: kodi n'chiyani chidzamange pamodzi misonkhano yonseyi kuti ikhale nthano imodzi, m'malo mokhala mulu wa nkhondo zosadziwana?

Njira imodzi yodalirika ndiyo kusankha mtundu umodzi wa zilombo kuti ukhale msana wa kampeni yonse. Masewerawa, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa mu 1974, akhala ndi buku lakelake la zilombo lotchedwa Monster Manual kuyambira mu 1977, ndipo m'malamulo a mu 2014 zolengedwa zonse zinagawidwa m'mitundu 14. Muli akufa osagona m'manda, zinjoka, zimphona, ziwanda pamodzi ndi adyerekezi, zolengedwa zakumwamba monga angelo, mizimu ya moto, madzi, mphepo ndi nthaka, zolengedwa zamatsenga za m'nkhalango, zinthu zopangidwa ndi manja kenako n'kupatsidwa moyo, zachilendo zochokera kunja kwa chilengedwe, nyama wamba, zomera zoyenda, zilombo zosakanikirana maonekedwe, zoterera zopanda mafupa, ndiponso anthu ndi ofanana nawo. Kampani ya Wizards of the Coast, imene imasindikiza masewerawa, yakhala ikutsatira njira yomweyi pa makampeni ake angapo: Tyranny of Dragons ya mu 2014 inatsamira pa zinjoka, Out of the Abyss ya mu 2015 pa ziwanda, Curse of Strahd ya mu 2016 pa vampire mmodzi, wakufa wosagona woyamwa magazi a amoyo, ndi dziko lake la Barovia, ndipo Storm King's Thunder ya chaka chomwecho pa zimphona. Komabe si mtundu uliwonse umene ungathe kunyamula nthano yaitali, ndipo wotsogolera amene wasankha chabe chifukwa chithunzi cha m'buku chamusangalatsa amadzazindikira vutoli nthano ili kale pakati, pamene kusintha kuli kovuta.

Chinthu choyamba chofunika kuchiyesa ndi makwerero a mphamvu. Atengambali amayambira pa msinkhu woyamba ndipo akhoza kukula mpaka msinkhu wa 20, pamene chilombo chilichonse chili ndi nambala yotchedwa Challenge Rating, yoyambira pa 0 kufika pa 30, yosonyeza kuopsa kwake. Mwachidule, chilombo chimene nambala yake ikufanana ndi msinkhu wa gulu la atengambali anayi opuma bwino chimayenera kuwapatsa ntchito popanda kuwatha onse. Mtundu woyenera kukhala msana wa kampeni uyenera kukhala ndi zilombo pa masitepe ambiri a makwerero amenewa. Akufa osagona ndiwo chitsanzo chabwino koposa. Pansi pali mafupa oyenda ndi zombie, imene ndi mitembo yoyenda, zonse za nambala 1/4. Pamwamba pake pali ghoul wa nambala 1, amene zikhadabo zake zimaumitsa thupi, kenako wight wa nambala 3, amene munthu wophedwa ndi mphamvu yake yoyamwa moyo amadzuka ngati zombie womumvera, kenako wraith wa nambala 5, vampire wa nambala 13, mpaka lich wa nambala 21, wamatsenga amene anabisa moyo wake m'chinthu china kotero kuti akaphedwa amadzukanso patapita masiku ochepa. Gulu likhoza kuyamba ndi mafupa oyenda m'manda a mudzi ndi kumaliza ndi lich popanda kuchoka mu mtundu umodziwu.

Zimphona sizili choncho. Chimphona cha m'zitunda, chimene ndi chofooka pa mabanja asanu ndi limodzi a zimphona zenizeni, chili kale pa nambala 5, ndipo cha mkuntho chili pa 13, kutanthauza kuti atengambali ongoyamba kumene akhoza kufa ndi chibonga chimodzi chokha. N'chifukwa chake olemba Storm King's Thunder anaika mutu woyamba wodzaza ndi adani ang'onoang'ono monga ma goblin, tizilombo tankhanza tooneka ngati tianthu, kuti gulu lifike pa msinkhu wachisanu lisanamenyane ndi chimphona chenicheni. Zinjoka nazonso zimafuna antchito pansi pawo, ndipo mu Tyranny of Dragons ntchito imeneyi imagwiridwa ndi gulu la anthu opembedza zinjoka pamodzi ndi ma kobold, tizilombo tofanana ndi abuluzi toyenda ndi miyendo iwiri. Zoterera zopanda mafupa sizifikako n'komwe, pakuti m'buku la mu 2014 zilimo zinayi zokha ndipo yoopsa kwambiri ili pa nambala 4.

Chinthu chachiwiri, chimene ine ndimachiona kukhala chachikulu kuposa zonse, ndi chakuti mtunduwo ukhale ndi mtima wofuna kanthu. Kusankha mtundu wa zilombo kwenikweni ndi kusankha vuto limene osewera adzakhale akulimbana nalo kwa miyezi yambiri, chifukwa mtundu uliwonse umabweretsa nkhawa yakeyake. Akufa osagona amabweretsa nkhani ya zakale zimene zikukana kuikidwa m'manda: ngongole yosabwezedwa, chuma chamasiye cholandidwa, maliro amene sanalongosoledwe monga mwa mwambo, mlandu umene mudzi wonse unagwirizana kuuiwala. Tiyerekeze kuti gulu lafika m'mudzi wina wa m'nthano nthawi ya madzulo, ndipo likupeza amayi akutseka zitseko dzuwa likadalipo, mbuzi zitalowetsedwa m'nyumba, ndipo nyakwawa ikukana kuyang'ana kumanda. Usiku akufa akubwera, koma sakugwira munthu aliyense; akungoima pakhomo la nyumba imodzi yokha, mwakachetechete, mpaka tambala woyamba. Osewera akaona zimenezi sathamangira kusolola malupanga, koma amayamba kufunsa kuti m'nyumbamo mukukhala yani ndipo anachita chiyani. Pamenepo mtundu wa chilombo wabereka nthano. Pamene Tracy ndi Laura Hickman analemba Ravenloft mu 1983, chimene chinasiyanitsa vampire wawo Strahd ndi zilombo za nthawi imeneyo n'chakuti anali ndi mbiri, chilakolako ndi zolinga, ndipo ankawatsatira osewera ndi kuwayesa m'malo mongowadikira m'chipinda chomaliza.

Mitundu ina ili ndi nkhawa zake zosiyana. Adyerekezi a m'masewerawa ndi osunga malamulo ndi olemba mapangano, kotero kampeni yawo imakhala ya mayesero, pamene wosewera amapatsidwa chimene akuchifunitsitsa pamtengo umene sakuuona bwino lero. Ziwanda zimangofuna kuwononga, ndipo magulu awiriwa ali pa nkhondo yosatha pakati pawo, chinthu chimene chimapatsa wotsogolera mpata woika osewera pakati pa adani awiri odana. Zimphona zimakhala motsatira dongosolo la maudindo, momwe aliyense amadziwa amene ali pamwamba pake ndi amene ali pansi pake, ndipo dongosololo likasweka nthano imasanduka mkangano wa ufumu, nkhani imene aliyense wakuti anamvapo mlandu wolimbirana mpando wa unyakwawa kumudzi akhoza kuimvetsa popanda kufotokozeredwa zambiri. Zolengedwa zamatsenga za m'nkhalango zimagwira munthu ndi mawu ake omwe, ndiye kampeni yawo imayenda pa malonjezo, mphatso ndi ulemu wa mlendo. Zinthu zopangidwa ndi manja zimaloza nthawi zonse kwa amene anazipanga. Zachilendo zochokera kunja kwa chilengedwe zimadalira mantha a chinthu chosamvetsetseka, ndipo amene akufuna kampeni yotere angachite bwino kuganizira masewera a Call of Cthulhu, amene kampani ya Chaosium inatulutsa mu 1981, popeza malamulo ake amawerengera ngakhale kusokonekera kwa maganizo a mtengambali akaona zosayenera kuonedwa. Nyama wamba ndi zomera zoyenda zilibe zolinga zotere, choncho zikafunika kukhala msana wa nthano pamafunika wina woganiza kumbuyo kwake.

Pali mbali ina imene atsogoleri ambiri amaiiwala, ndiyo mmene chisankhochi chimakhudzira osewera mosafanana. Mtundu wa chilombo si dzina chabe, chifukwa matsenga ndi maluso ambiri amagwira ntchito molingana ndi mtunduwo. M'malamulo a mu 2014, wansembe amalandira pa msinkhu wachiwiri mphamvu yothamangitsa akufa osagona, ndipo pa msinkhu wachisanu amayamba kuwonongeratu ofooka mwa iwo. Paladin, wankhondo wolumbira lumbiro lopatulika, akamenya ndi mphamvu yake yopatulika amaponya dayisi imodzi yoonjezera ngati mdaniyo ndi wakufa wosagona, chiwanda kapena mdyerekezi. Mlenje amasankha mtundu wa adani amene amawadziwa bwino powalondola. Anthu atatuwa adzasangalala kwambiri mu kampeni ya akufa. Koma wamatsenga amene anasankha Charm Person ndi Hold Person, matsenga ogwira anthu ndi ofanana nawo okha, adzakhala ndi manja opanda kanthu, monganso amene amadalira Sleep, matsenga ogonetsa tulo amene sagwira akufa osagona, kapena amene luso lake lonse lili pa poizoni, popeza akufa ambiri samva poizoni. Chimodzimodzinso wamatsenga wa moto akalowa mu kampeni ya adyerekezi amapeza kuti moto wake suwatentha konse. Munthu amene wakwera minibasi kuchokera ku Matero kapena ku Chelstone kudzasewera, n'kukhala maola anayi akuona luso lake likulephera msonkhano uliwonse, sadzadandaula mokweza, koma adzayamba kupeza zifukwa zosabwerera.

Mankhwala a vutoli ndi kukambirana poyera kampeni isanayambe. Magulu ambiri amapatula msonkhano woyambirira umene sipaseweredwa kanthu koma kugwirizana za nthano ndi kupanga atengambali, ndipo wotsogolera ayenera kunena pa msonkhano umenewu mtundu umene wasankha. Ena amaopa kuti akatero aulula chinsinsi, koma kudziwa kuti nthano ikukhudza zinjoka sikuulula kuti chinjoka chili kuti, chikufuna chiyani, kapena ndani m'bwalo la mfumu amene akuchitumikira mobisa. Ndi bwinonso kugwirizana za buku la malamulo limene gulu litsatire, chifukwa Monster Manual yatsopano ya mu 2025 inasamutsa zolengedwa zina: ma goblin anaikidwa pakati pa zolengedwa zamatsenga za m'nkhalango ndipo ma kobold pakati pa zinjoka, kotero matsenga ogwira anthu okha sawakhudzanso. Wosewera akasankha dala njira yovuta atauzidwa zonse, palibe mlandu, pakuti walira mvula walira matope. Choipa n'chakuti aipeze njirayo itatsekedwa popanda womuchenjeza.

Ngakhale mtundu wosankhidwa bwino umatopetsa ukamaoneka pa nkhondo iliyonse. Maganizo anga ndi akuti zilombo za mtundu wosankhidwawo zisapitirire kwambiri theka la adani onse, ndipo malo otsalawo adzazidwe ndi anthu: ogulitsa anzawo kwa vampire kuti iwo apulumuke, amalonda olemera chifukwa cha mantha a ena, asilikali otumidwa kukabisa zimene zikuchitika, ndi ena ongotsata chilombocho chifukwa cha njala. Anthu amenewa amabwezera ntchito kwa wamatsenga uja wa Hold Person, ndiponso amabweretsa zosankha zovuta, popeza kuphwanya mafupa oyenda sikuvutitsa chikumbumtima koma kugamula za mlonda amene anatsegula chipata pofuna kuombola mwana wake kumavutitsa. Kusiyanitsa kungabwerenso posintha cholinga cha nkhondo osati mdani. Mafupa oyenda asanu ndi atatu m'chipinda chopanda kanthu ndi masamu chabe, koma mafupa omwewo akamakoka bwato lodzaza ana kulowera pakati pa mtsinje, osewera amayenera kusankha pakati pa kumenya, kusambira ndi kudula chingwe. Mdani wamkulu yekha asafulumire kuonekera ndi mphamvu zake zonse. Poyamba amveke m'mphekesera, kenako zioneke zotsatira za ntchito zake, kenako atumize mthenga kapena kalata, kuti tsiku lokumana naye likadzafika osewera akhale atamudziwa kale ndi kumuopa.

Kwa ife osewera kuno ku Lusaka pali funso lina limene mabuku ochokera kunja sayankha, ndilo la zolengedwa za m'nthano ndi m'zikhulupiriro zathu. Chuma chake n'chochuluka. Napolo, chinjoka chimene anthu a kum'mwera kwa Malawi amati chikamasamuka m'phiri chimagumula nthaka ndi kusefukiza madzi, ndipo dzina lake limatchulidwa pokumbukira ngozi ya ku Zomba ya mu 1946 ndi ya ku Phalombe ya mu 1991, chikhoza kukhala msana wa kampeni yonse yokhudza mapiri, mvula ndi midzi yomangidwa m'njira ya madzi. Atonga a m'chigwa cha Zambezi amasimba za Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo wooneka ngati chinjoka, ndipo madzi osefukira a mu 1957 ndi 1958, pamene damu la Kariba linkamangidwa, ambiri anawaona ngati mkwiyo wake. M'nkhani imeneyi muli kale kusamutsidwa kwa anthu, manda omizidwa ndi mtsinje wotsekedwa, zinthu zokwanira kunyamula nthano ya miyezi yambiri. Palinso ndondocha, munthu amene amati anachotsedwa pakati pa amoyo kuti azigwirira ntchito wina wofuna kulemera, ndipo ameneyu amasintha kampeni ya akufa osagona kotheratu, chifukwa iye si mdani woti aphedwe koma wozunzidwa woti aomboledwe, ndipo woipa weniweni ndi munthu wolemekezeka amene nkhokwe zake zimadzaza chaka cha chilala. Pa malamulo sipafunika ntchito yaikulu: wotsogolera akhoza kutenga manambala a zombie kapena a chinjoka cha m'buku, n'kusintha maonekedwe, khalidwe ndi luso limodzi kapena awiri.

Koma apa m'pofunika kusamala kwenikweni, chifukwa zimene kwa wolemba wa ku America ndi nthano chabe, kwa wina wokhala patebulo lathu ndi chikhulupiriro chamoyo kapena bala la m'banja. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo amavinidwa pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete pamaso pa Kalonga Gawa Undi, si nkhokwe yotapamo adani oti osewera aziwatema ndi malupanga, ndipo ine sindingalimbikitse aliyense kumuika m'masewera mwa njira imeneyo. Nyaminyami nayenso ndi wolemekezeka kwa eni ake, kotero ngati alowa m'nthano alowe monga mphamvu yofunika kuimvetsa ndi kuipepesa, osati nyama yosakidwa. Nkhani za ufiti zimafuna kusamala kwina, popeza m'madera mwathu okalamba enieni amanamiziridwa, kuthamangitsidwa ngakhale kuphedwa chifukwa cha milandu yotere. Kampeni imene nthawi zonse imaloza gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi monga gwero la zoipa ikubwereza bodza lomwe limapweteka anthu. Wotsogolera wanzeru akhoza kuitembenuza nkhaniyo, kuti wonamiziridwayo akhale wosalakwa ndipo ntchito ya osewera ikhale kumuteteza.

Ziwanda ndi adyerekezi nazonso zimafuna kufunsa kaye. Dziko la Zambia linalengezedwa kukhala lachikhristu ndi Pulezidenti Frederick Chiluba mu 1991, mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo aakulu a dziko mu 1996, ndipo osewera ambiri amachokera m'mabanja opemphera kwambiri. Nkhawa yotere si yathu yokha: ku America m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi magulu ena achipembedzo anawatsutsa kwambiri masewerawa, mpaka kampani ya TSR, imene inkawasindikiza nthawi imeneyo, inachotsa mayina a ziwanda ndi adyerekezi m'malamulo a mu 1989, ndipo pobwezeretsa zolengedwazo inazipatsa mayina opeka a tanar'ri ndi baatezu. Ngati wosewera mmodzi sakumasuka ndi mtundu umenewu, kapena ngati masewera akuchitikira m'nyumba ya makolo amene akumva zonse ali kukhitchini, palibe chotayika posankha zimphona, zinjoka kapena zopangidwa ndi manja. Nkhani ya mapangano oipa ikhoza kunyamulidwa bwino lomwe ndi zolengedwa zamatsenga za m'nkhalango, kapenanso ndi munthu wamba wokongoza ndalama mwa katapila.

Mtundu ukasankhidwa, kukonzekera kwenikweni kumakwana pa tsamba limodzi la kope. Pamwamba alembepo mdani wamkulu, chimene akufuna, ndi chimene chidzachitike ngati palibe womuletsa. Pansi pake alembe omutumikira awiri kapena atatu amene sagwirizana okhaokha, kuti osewera adzathe kupezerapo mpata. Pansi penipeni alembe zilombo zofooka ndi anthu wamba amene gulu lidzakumane nawo m'misonkhano itatu yoyamba, pamodzi ndi chizindikiro chimodzi chimene chidzabwerezedwe kuti osewera azindikire okha kuti zonsezi zikuchokera kumodzi. Zapakati zisalembedwe msanga, chifukwa zidzadalira zimene osewera asankhe. Mtengo wa mabuku usakhale chopinga, popeza mu Januwale 2023 Wizards of the Coast inamasula gawo lalikulu la malamulo, lotchedwa System Reference Document, pansi pa chilolezo cha Creative Commons, ndipo m'menemo muli zilombo zambiri za akufa osagona, zinjoka, zimphona ndi ziwanda zimene munthu angathe kuziwerenga pa foni kwaulere. Mtundu umodzi umachepetsanso zofunika patebulo, chifukwa zitsekerero za mabotolo khumi zolembedwa manambala zimakwanira kuimira mafupa oyenda lero, ma ghoul mwezi wamawa, ndi asilikali a vampire kumapeto kwa chaka.